Mmene ntchito ikuyendera: mawu oti presently mu nyuzipepala zakale za Chizungu

Lolemba

Ntchito yafika poti ndikhoza kunenapo kanthu tsopano. Kwa amene simukudziwa chomwe ndikuchita, ndikufufuza mmene atolankhani akale ankagwiritsira ntchito muonjezi mmodzi yekha wa Chizungu, presently, kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1600 mpaka cha m'ma 1960. Ena akumafunsa kuti mawu amodzi okha basi? Eee, amodzi okha, chifukwa mawu amenewa ali ndi matanthauzo atatu ndipo onse ndi a nthawi. Pena amatanthauza nthawi yomweyo, pena amatanthauza patapita kanthawi kapena posachedwa, pena amatanthauza panopa, pakali pano. Nde tangoganizani nkhani ya munthu amene wabayidwa ndi mpeni, mtolankhani nkulemba kuti he died presently, ngati simukudziwa kuti inalembedwa liti mukhoza kuganiza kuti munthuyo anakhalako ndi moyo kanthawi pomwe wolembayo ankanena kuti anafera pomwepo. Si nkhani yaing'ono imeneyi kwa munthu amene amawerenga nyuzipepala zakale kuti adziwe mbiri.

Komwe ndikutenga zinthu ndi malo aulere a pa intaneti makamaka. Chronicling America ya Library of Congress ili ndi nyuzipepala za ku America mpaka 1963. Trove ya ku Australia ili ndi nyuzipepala kuyambira Sydney Gazette ya 1803. Papers Past ndi ya ku New Zealand. Kenako pali The Gazette komwe kuli London Gazette yomwe inayamba mu 1665 ndi Edinburgh Gazette, komanso Proceedings of the Old Bailey, malipoti a milandu ya ku khoti lalikulu la ku London kuyambira 1674 mpaka 1913. British Newspaper Archive ili ndi zambiri kuposa onsewa pa nkhani ya Britain koma ndi yolipira, nde ndikumaigwiritsa ntchito mosamala, ndimayamba ndalemba zomwe ndikufuna ndisanalowe.

Chilichonse chomwe ndapeza ndikumachiika mu Excel: chaka, dzina la nyuzipepala, mzinda, chiganizo chonse, mneni amene ali pafupi ndi nthawi yake, tanthauzo lomwe ndikuliona, komanso gawo la nyuzipepala lomwe chiganizocho chili. Kolamu yomalizayi ndi imene yayamba kulankhula kwambiri.

Lachitatu usiku

Lero kunali kulimbana ndi makina basi. Masamba akalewa anajambulidwa kenako pulogalamu ya OCR nkuwerenga zithunzizo kuzisandutsa malemba, ndipo ukamasaka mawu umasaka mu zomwe makinawo anawerenga, osati zomwe zili pa pepala. Vuto lalikulu ndi s wamtali uja. Osindikiza a zaka za m'ma 1700 ankalemba s wa pakati pa mawu ngati ſ, amene amaoneka ngati f wopanda kamzere kodutsa, nde makina amangowerenga prefently. Ukasaka presently mu nyuzipepala za nthawi imeneyo umapeza zochepa nkuganiza kuti mawuwa sankawakonda, koma ukalemba prefently zimangotuluka mbwee. The Times ya ku London inasiya s wamtaliyu mu 1803 ndipo ena anatsatira pang'onopang'ono, choncho chilichonse cha 1820 isanafike ndikumasaka kawiri.

Palinso mawu odulidwa kumapeto kwa mzere, pre- pamwamba sently pansi, kapena present- kenako ly, makolamu anali opanikizana nde izi zimachitika kwambiri. Chabwino cha Trove nchakuti anthu wamba amaloledwa kukonza malemba omwe makina analakwitsa, nkhani zambiri zotchuka zinakonzedwa kale ndi anthu ongodzipereka, ndipo ine ndikakumana ndi mzere wosokonekera ndikumaukonza ndisanachoke, ndi ulemu wochepa womwe ndingabweze. Old Bailey ilibe mutu woterewu chifukwa malemba ake akale anachita kutayipidwa ndi anthu.

Lachisanu

Old Bailey, zaka za m'ma 1600 kumapeto ndi 1700 koyambirira. Malipoti amenewa ankagulitsidwa kwa anthu ngati nkhani, anthu ankawagula kuti amve za akuba ndi opha anzawo, nde ine ndikuwawerengera ngati utolankhani ndithu. Muli milandu yoposa 197,000 yonse pamodzi, ndipo ubwino wake umamva mawu a mboni, antchito a m'nyumba, alonda, azimayi ogulitsa pa msika, osati a anthu ophunzira okha.

Apa presently ndi nthawi yomweyo, mosakaika. Kalembedwe komwe kakubwerezabwereza ndi presently after, komanso kuika mawuwa pambuyo pa mneni wa chinthu chochitika mwadzidzidzi, kugwa, kufa, kuthawa, kugwidwa. Ndipo zikumveka chifukwa chake mboni zinkawafuna mawu amenewa, pa mlandu wakuba funso limakhala lakuti katundu anasowa liti poyerekeza ndi nthawi imene woimbidwa mlandu anatuluka m'nyumba, ngati mwini wake anazindikira nthawi yomweyo ndiye kuti panalibe mpata woti wina alowe. Mawu amodzi akunyamula umboni wonse.

Amene munakulira mu tchalitchi chogwiritsa ntchito Baibulo la King James la 1611 tanthauzo ili munakumana nalo kale olo simunalizindikire. Pa Mateyu 21:19 pamene Yesu anatemberera mkuyu palembedwa kuti and presently the fig tree withered away, ndipo vesi lotsatira ophunzira akudabwa kuti wafota msanga bwanji. Akanakhala kuti unafota patapita masiku sakanadabwa. Ma Baibulo athu a Chichewa amanena momveka kuti unafota pomwepo. Chimodzimodzi pa Mateyu 26:53 za magulu a angelo oposa khumi ndi awiri aja, tanthauzo lake ndi pompano, osati nthawi ina.

Ndinayang'ananso dikishonale ya Samuel Johnson, yomwe inatuluka koyamba mu 1755, kuti ndione mmene ankaonera munthu wa nthawi imeneyo. Iye anaika matanthauzo awiri, loyamba la panopa ndipo analilemba kuti ndi lotha ntchito, lachiwiri anaphatikiza nthawi yomweyo ndi posakhalitsa pa mzere umodzi. Zinthu ziwiri apa. Choyamba kuphatikizako kukusonyeza kuti mu 1755 tanthauzo linali litayamba kale kutsetsereka. Chachiwiri, choti tanthauzo la panopa linafa, ndasunga pambali chifukwa zomwe ndikuona ku Scotland zikutsutsa.

Loweruka

Kutsetsereka kuja ndi komwe kwandidyera nthawi lero. Pali ziganizo zambiri za pakati pa 1750 ndi 1820 zomwe sizingaikidwe mbali imodzi, wolemba akuti munthu analowa mu shopu and presently came out, kodi anatuluka nthawi yomweyo kapena patapita mphindi zingapo? Chiganizo chimalola zonse. Ndatsegula gulu lachinayi mu Excel la ziganizo zapakatikati ndipo sindikuzikakamiza, chifukwa ndi m'ziganizo zoterezi momwe kusinthako kunachitikira, wolemba akutanthauza china wowerenga akumva china ndipo palibe amene akuona vuto.

Si presently yekha amene anayenda ulendo umenewu. Soon mu Chizungu chakalekale ankatanthauza nthawi yomweyo, anon chimodzimodzi, by and by nayenso, directly nayenso anafooka. Abale athu amene ali ku Joni akudziwa kuti bwana akati just now sakunena pano ayi, ukhoza kudikira mpaka madzulo. Anthu amalonjeza changu kuposa chomwe amachita, mawu nkumatha mphamvu, kenako pamafunika mawu ena atsopano onena changu chenicheni. Mu nyuzipepala za m'ma 1800 ntchito ya nthawi yomweyo yatengedwa ndi immediately ndi instantly.

Lachiwiri

Zaka za m'ma 1800, Trove ndi Chronicling America. Iyi ndiye nthawi imene mawuwa anali pa ufumu ndipo ndikufuna ndikhalitse pano chifukwa ndi pamene pali nkhani yeniyeni ya utolankhani.

Mtolankhani wa 1850 kapena 1870 akamalemba za moto, za chipolowe, za sitima yomira, za munthu wonyongedwa pagulu, ankayamba poyambira. Kunja kunali bwanji, anthu anasonkhana nthawi yanji, ndani anayamba kuona utsi, ndipo chiwerengero cha omwalira umakachipeza kumunsi kwenikweni kwa kolamu. Nkhani yoyenda motsatira nthawi chonchi imafuna mawu olumikizira chochitika china ndi chinzake, ndipo presently anali mmodzi mwa okondedwa. Amabwera koyambirira kwa chiganizo, P wamkulu, kenako mneni wa nthawi yakale. Chitsanzo chongopeka ine kuti muone kapangidwe kake: Presently the roof fell in. Tanthauzo lake patapita kanthawi denga linagwa, koma si kanthawi wamba, mawuwa amakuuza kuti panali kudikira, anthu ataima akuyang'ana, kenako chinthu nkuchitika. Komanso amathandiza mtolankhani amene analibe wotchi kapena amene nkhaniyo anachita kumva kwa ena, sakunena mphindi zingati koma sakunamanso.

Zomwe ndikuona nzakuti mawuwa akuchepa mu nkhani zenizeni pamene kalembedwe ka nkhani kakusintha. Telegalafu ya Morse inatumiza uthenga kuchoka ku Washington kupita ku Baltimore mu 1844, bungwe logawa nkhani ku nyuzipepala la Associated Press linayamba mu 1846, linzake la Reuters linatsegula ofesi ku London mu 1851, waya wodutsa pansi pa nyanja ya Atlantic unayamba kugwira ntchito mokhazikika mu 1866. Mawu a pa waya ankalipiridwa, ndipo pang'onopang'ono, osati tsiku limodzi, atolankhani anayamba kuika chofunika kwambiri pamwamba, ndani, chiyani, kuti, liti, zina zonse pansi kuti mkonzi akafuna kudula adule kumchira. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kalembedwe aka kanali kofala mu nkhani za tsiku ndi tsiku ku America. Tsono ngati chiganizo choyamba chanena kale kuti denga linagwa ndipo anthu anafa, presently alibenso ntchito, palibe chodikira. Maganizo anga ndi akuti mawuwa sanachotsedwe ndi mkonzi aliyense, anangosowa pokhala nkhani itasiya kufotokozedwa motsatira nthawi. Amatsalira mu nkhani zazitali za maulendo, za kusaka nyama, za masewero, za atolankhani a ku nkhondo olemba makalata aatali, paliponse pomwe wolemba akadali kusimba.

Ndipo ndinene poyera, ine zimandikhudza. Kuika chofunika pamwamba nkwabwino, wowerenga amene akufuna kudziwa ngati m'bale wake wapulumuka sayenera kudutsa ndime khumi. Koma nkhani zakale zija ukamawerenga umamva nthawi ikudutsa ngati unalipo, ndipo chimenecho chinapita.

Lachinayi

Kuyeretsa. Zinthu ziwiri zimene zikhoza kusokoneza chiwerengero chilichonse.

Nthano zopeka. Nyuzipepala za m'ma 1800, makamaka za sabata ndi sabata za ku Australia ndi New Zealand, zinkasindikiza manovelo chigawo chigawo, ndipo olemba manovelo a nthawi imeneyo presently ankamukonda koopsa, she said presently, mzere uliwonse. Ukangowerenga zotsatira za kusaka osatsegula tsamba ukhoza kunena kuti atolankhani ankalemba mawuwa kwambiri mu 1895 pomwe ndi nthano zachikondi. Zonse zoterezi ndaziika gulu lakelake.

Kukoperana. Nkhani imodzi ikhoza kutuluka mu nyuzipepala makumi angapo. Ku America lamulo la positi la 1792 linkalola osindikiza kutumizirana nyuzipepala mwaulere, nde mkonzi wa tauni yaing'ono ankangodula ndi sizasi nkhani ya mnzake nkuiika mwake. Ku Northeastern University kunayambika ntchito yotchedwa Viral Texts yomwe imatsata nkhani zoyendayenda zoterezi. Kwa ine zikutanthauza kuti chiganizo chomwe chatuluka ku Sydney chikhoza kukhala cholembedwa ku London miyezi ingapo m'mbuyo nkubwera pa sitima ya pamadzi, choncho sindingachiwerengere ngati Chizungu cha ku Australia. Ndikumasunga komwe chaoneka koyamba, zinazo ndikungozilemba chizindikiro.

Malipoti a nyumba ya malamulo ndi makhoti nawonso ali ndi kake. Phungu kapena loya akati I shall come to that presently ndiye tanthauzo la posachedwa lija, mneni wa nthawi ya mtsogolo, ndipo ili ndi lomwe aphunzitsi a Chizungu cha ku England anadzalitenga ngati lolondola lokha.

Lamlungu masana

Scotland. Apa ndi pomwe mtima wanga uli pa ntchito yonseyi.

Johnson anati tanthauzo la panopa linatha ntchito, ndipo m'zaka za m'ma 1900 pamene tanthauzoli linayamba kuoneka kwambiri mu nyuzipepala za ku America, is presently serving, are presently working ndi zina zotero, akonzi ambiri analitenga ngati cholakwa chatsopano. Buku la malamulo a kalembedwe la Associated Press kwa zaka zambiri linkalangiza atolankhani kuti presently azimugwiritsa ntchito ponena posachedwa osati ponena panopa, ndipo ku Britain anthu ankati ndi khalidwe la Chimereka. Koma tsegulani Edinburgh Gazette, kapena masamba a zotsatsa malonda a Caledonian Mercury yomwe inkatuluka ku Edinburgh kuyambira 1720 mpaka 1867, kapena The Scotsman yomwe inayamba mu 1817. Nyumba yobwereketsa, presently occupied by uje. Munda wogulitsa, presently possessed by uje. Munthu wa ngongole amene akuitanidwa ku khoti, presently residing kwakutikwakuti. Palibe njira yomvera izi ngati posachedwa, nyumba siingatsatsidwe ponena munthu amene adzakhalemo mtsogolo, akunena amene alimo pano. Ndipo si mwa apo ndi apo ayi, ndi kalembedwe kokhazikika ka maloya ndi ogulitsa malo, chaka ndi chaka, nthawi yonse imene ku London ankati tanthauzoli linafa.

Chomwe chinachititsa kuti anthu asaone nchosavuta, amene amalemba za chilankhulo ankawerenga nkhani za akonzi, ndakatulo ndi mabuku a anthu otchuka a ku England, sankawerenga zotsatsa za nyumba za lendi za ku Leith kapena ku Dundee. Koma zotsatsa ndi mbali ya nyuzipepala, nthawi imeneyo zinkakhala tsamba loyamba lenileni, ndipo ndi zomwe zinkalipira osindikiza. Kunena kuti mawu anafa chifukwa sakumveka mu mzinda umodzi pakati pa anthu a gulu limodzi, ine sindigwirizana nazo, ndipo ife olankhula zilankhulo zomwe anthu ena amazilembera malamulo ali kutali tikudziwa mmene zimakhalira.

Ndinafuna kuona ngati a Scotland ananyamula tanthauzoli popita kunja, nde ndinalowa Papers Past. Mzinda wa Dunedin ku New Zealand unakhazikitsidwa mu 1848 ndi anthu a Free Church of Scotland, dzina lakelo ndi la Edinburgh mu chilankhulo cha Gaelic. Mzindawu uli m'chigawo cha Otago, ndipo nyuzipepala ya Otago Witness inayamba mu 1851, Otago Daily Times mu 1861. Ndipo eee, mu zotsatsa za malo ndi nyumba presently occupied by uja alimo, mmene alili ku Edinburgh. Tsamba lomwelo kolamu ina nkhani ikuti Presently mwakutimwakuti kutanthauza patapita kanthawi, ndipo owerenga ankamva zonse ziwiri popanda chisokonezo chifukwa mneni amakuuza. Nthawi yakale ndiye patapita kanthawi, will kapena shall ndiye posachedwa, is kapena are kapena mawu ngati occupied ndi residing ndiye panopa. Mkangano wonse wa akonzi a m'ma 1900 woti owerenga asokonezeka, masamba a ku Otago akuonetsa kuti anthu anakhala ndi matanthauzo awiriwa limodzi kwa zaka zambirimbiri bwinobwino.

Lolemba linalo

Excel yakonzedwa, magulu ali motere: nthawi yomweyo, zapakatikati, patapita kanthawi mu nkhani yosimba, posachedwa ndi mneni wa mtsogolo, ndi panopa. Gawo la America la 1920 mpaka 1963 ndi lomwe latsala kuwerenga mofatsa, ndikufuna ndione kuti tanthauzo la panopa likuyamba kuchuluka mu gawo liti, ndikuyamba ndi zidziwitso za boma, nkhani za asilikali, za maliro ndi za maukwati, chifukwa ndi momwe mumafunika kunena komwe munthu ali kapena ntchito yomwe akugwira pakali pano. Ndiyerekezanso ndi Corpus of Historical American English ya Mark Davies, yomwe inagawa malemba mwa zaka khumikhumi ndipo imasiyanitsa nyuzipepala, magazini ndi nthano.

Kenako kwathu. Aliyense amene anawerengapo kalata yofunsira ntchito kapena chidziwitso cha mu ofesi ku Malawi anaonapo I am presently working kapena presently residing, kutanthauza panopa. Ndipo Chizungu cholembedwa chinafika kwathu kwambiri kudzera mwa a Scotland, mishoni ya Livingstonia mu 1875, ya Blantyre mu 1876, kampani ya African Lakes ya ku Glasgow mu 1878 yomwe tonse timaidziwa kuti Mandala. Nyuzipepala yomwe lero ndi Daily Times inayamba mu 1895 ngati Central African Planter, kenako Central African Times, kenako Nyasaland Times. Mishoni ya Blantyre nayo inkasindikiza kamagazini kake ka Life and Work. Funso lomwe ndikupita nalo ndi lolunjika, kodi zotsatsa za minda ya khofi ndi nyumba za ku Blantyre ndi Zomba cha m'ma 1900 zinkalembedwa ngati za ku Edinburgh ndi Dunedin? Izi sizisakika ndi kompyuta, pafunika kukhala pansi ku National Archives ku Zomba ndi ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala nkutsegula tsamba ndi tsamba, ndipo ndiyambira masamba a zotsatsa ndi zidziwitso za maloya, nkhani za akonzi zibwera pambuyo.